Mwala Umene Uli Pansi pa Munda Wanu

Awa ndi mawu amene mlendo wathu, amene wagwira ntchito yofufuza madzi a pansi pa nthaka kwa zaka zambiri, anayankhula pa sukulu ya alimi. Tawalemba kuti amene sanabwere awerenge, komanso kuti magulu akambirane asanagwiritse ntchito ndalama za thumba la ulimi wothirira.

Ndaona kuti mwachita zimene ndinapempha. Aliyense wabwera ndi mwala wa m'munda mwake, ndipo anyamata akumba dzenje lija kumapeto kwa munda wophunzirirapo. Miyalayo musaiike pansi, igwirenibe m'manja, tiifuna posachedwapa.

Alangizi anandiuza kuti mwakhala mukusonkha ndalama zaka ziwiri tsopano, ndipo cholinga chanu n'kukumbitsa mjigo, kuikapo pampu ya sola, kuti muzilima ndi chilimwe chomwe. Maganizowo ndi abwino. Koma ndalama zimenezi mukufuna kuziika m'dzenje limene palibe mmodzi wa inu adzalowemo kukaona zili m'menemo. N'chifukwa chake lero sindikamba za mbewu. Ndikamba za thanthwe limene lili pansi pathu pano, chifukwa ndi limene linabala dothi limene mumalima, ndiponso ndi limene lidzanene ngati mjigo wanu udzatulutse madzi kapena fumbi.

Mukakumba paliponse m'dera lino, kaya pamtunda kaya kudambo, mudzafika pa thanthwe louma limene piki salowa. Pena lili pamtunda penipeni, pamene amayi amayanikapo mphale. Pena lili mamita 20 kapena 30 pansi. Akatswiri a miyala amalitcha Basement Complex, kutanthauza kuti ndiwo maziko. Gawo lalikulu la dziko lathu lakhala pa maziko amenewa, kuyambira ku Chitipa, Mzimba, Kasungu, Lilongwe, Dedza mpaka ku Blantyre ndi Mwanza. Kumene sakuoneka, monga m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, ndiye kuti akwiririka ndi mchenga ndi matope zimene mitsinje yakhala ikutsira.

Yang'anani mwala wanuwo

Uyang'anitsitseni mbali imene yasweka kumene. Muona kuti si chinthu chimodzi ayi. Ndi timibulu tosiyanasiyana tolumana, popanda mpata pakati pake. Mfundo imeneyi muisunge: popanda mpata. Tibwererako tikamakamba za madzi.

Timibulu towala ngati galasi kapena ngati mchere, timenetu ndi quartz. Ndi mwala womwe uja woyera umene umabunthitsa makasu, umene mtsinje ukauviringiza timati nsangalabwi. Mukaukhwekhwereza pa botolo, botolo ndi limene limakandika. Mvula siutha mwala umenewu. Umangophwanyika n'kusanduka mchenga, ndipo mchengawo ulibe chakudya chilichonse cha mbewu.

Timibulu toyera ngati mkaka kapena tofiirira pang'ono, tosawala kwambiri, ndi feldspar. Pooneka ndi wolimba, koma madzi a mvula akamulowa kwa zaka zambirimbiri amawola n'kusanduka dongo. Dongo limene amayi amaumbira mbiya kale linali feldspar. Ku Linthipe kuli mwala umene pafupifupi wonse ndi feldspar yekhayekha, ndipo utawola unasiya dongo loyera limene amaumbira makapu ndi mbale. Feldspar wina akamawola amatulutsa potaziyamu, amene ndi K uja wolembedwa pa thumba la feteleza.

Tija tonyezimira, topyapyala, timene mungasende ndi chikhadabo, ndi mica. Ana akatiwona m'khwawa amathamanga kukauza makolo kuti apeza golide. Si golide. Koma mica wakuda ali ndi potaziyamu, magineziyamu ndi chitsulo, ndiye kwa mlimi si wachabe.

Otsala ndi timibulu takuda kapena tobiriwira mwakuda. Tili ndi maina ambiri, lodziwika ndi hornblende, koma dzina lisakuvuteni. Timeneti ndi timene tili ndi chitsulo, kashiamu ndi magineziyamu wambiri, ndipo timawola msanga kuposa tinzake. Chitsulocho chikachita dzimbiri chimafiiritsa dothi. Katondo ndi wofiira chifukwa cha dzimbiri, monga mmene limafiirira khasu mukaliiwala pamvula.

Tsopano kwezani manja amene mwala wanu ndi wotuwa, wochuluka toyera. Mukuona, ambiri ndinu a kumtunda kuja, ndipo ndinu omwe mumadandaula kuti munda ndi wamchenga, mvula ikangodula sabata limodzi chimanga chayamba kale kupota masamba. Amene miyala yanu ndi yakuda ndi yolemera, ndikhulupirira dothi lanu ndi lofiira, lomata ku khasu, losunga chinyezi. Simunalodzedwe inu a kumtunda, ndipo inu enanu sikuti makolo anu anali akhama kuposa a anzanu. Mwalawo ndiwo wosiyana. Ndiwonjezere kuti pamalo otsetsereka dothi limatha kuchokera kumtunda, kotero mwala wa pansi ndi dothi la pamwamba nthawi zina sizigwirizana.

Ambiri mwa inu miyala yanu ili ndi mizere, woyera, wakuda, woyera, wakuda, pena yopindikapindika. Mwala wotere dzina lake ndi gneiss, potchula timati naisi, ndipo ndiwo wofala kwambiri m'maziko a dziko lino. Umene ulibe mizere, wongokhala mawangamawanga, nthawi zambiri ndi granite, wonga wa ku Dzalanyama. Mizere ija ili ndi mbiri yake.

Mizereyo inabwera bwanji

Ndikayamba kutchula zaka, ena muyamba kuseka, choncho tiyambe ndi chimanga. Thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi njere pafupifupi 150,000. Tiyerekeze kuti njere imodzi ndi chaka chimodzi. Moyo wa munthu wokalamba bwino ndi njere 70 kapena 80, zosadzaza n'chikhatho chomwe. Mwala wa mizere umene mwagwirawo unaphikidwa komaliza zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. Pa chiwerengero chathu chija, amenewo ndi matumba oposa 3,000. Miyala ya ku Misuku ndi ku Nyika ndi yakale koposa, zaka zake ndi pafupifupi 2 biliyoni. Zakazi sachita kulota. Mu timibulu tina muli uranium, amene amasanduka mtovu wotuwa uja wa m'mabatire pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika, ndipo akayeza kuchuluka kwa ziwirizi amadziwa zaka za mwalawo.

Chikhungwa cha dziko lapansi si chimodzi chathunthu. Chili m'zigawo zikuluzikulu zimene zimayenda, pang'ono kwambiri, mofanana ndi mmene zikhadabo zimakulira. Zigawo ziwiri zikagundana, miyala ya pamalirepo imakwinyika, ina imakwera n'kukhala mapiri, ina imakankhidwira pansi makilomita 20 kapena 30. Lero zimenezi zikuchitika ku Himalaya, kumene India akukankhana ndi Asia. Kale zinachitika kuno, ndipo osati kamodzi. Kugundana koyamba kumene tikukudziwa ndi kuja kunasiya miyala ya ku Misuku. Kwachiwiri kunachitika zaka pafupifupi 1 biliyoni zapitazo, ndipo miyala yambiri ya chigawo chapakati ndi chakummwera inabadwa nthawi imeneyo. Kwachitatu kunali pakati pa zaka 600 ndi 500 miliyoni zapitazo, pamene Africa, India, Madagascar, South America ndi Antarctica zinalumikizana n'kukhala mtunda umodzi waukulu wotchedwa Gondwana. Chipsera cha kugundana kumeneku amachitcha Mozambique Belt, ndipo chimayenda kuchokera ku Mozambique, kudutsa kwathu kuno, Tanzania, Kenya mpaka ku Ethiopia.

Pansi pakuya chotero pamatentha madigiri 600 mpaka 800, ndipo kulemera kwa miyala ya pamwamba n'kosaneneka. Amene munawotchapo njerwa mukudziwa kuti dothi likalowa mu uvuni silisungunuka, koma limatuluka lili chinthu china. Ndi mmene zinachitikira. Matope akale, mchenga wakale ndi miyala ya ziphalaphala zakale zinaphikidwa zili zopanikizidwa, timibulu tatsopano tinamera, toyera tinasonkhana patokha, takuda patokha, ndipo mwala wonse unafewa n'kumapindika ngati chitsulo cha m'manja mwa wosula. Mizere imene mukuionayo ndi imeneyo. Kumene kunali miyala ya laimu kunatuluka marble, wonga wa ku Changalume ndi ku Chenkumbi ku Balaka. Kumene matope anali ndi zotsalira za tizamoyo takalekale kunatuluka graphite, uja wa mu pensulo, amene akupezeka ku Malingunde.

Nanga mapiri aja ali kuti? Mvula inawadya. Makilomita onse aja a miyala ya pamwamba anakokoloka pang'onopang'ono, mpaka zimene zinali pansi penipeni zinafika poyera. Ife tikulima pa zitsa za mapiri. Bunda, Nkhoma ndi Ngala, amene aima okhaokha m'chigwa cha Lilongwe, ndi malo amene mwala unali ndi ming'alu yochepa, madzi analephera kuulowa, choncho unatsala pamene wozungulira unawola n'kukokoloka. Mulanje ndi Zomba musawaike m'gulu limeneli. Amenewo ndi ana, zaka zawo zangopitirira 100 miliyoni. Anali chiphalaphala chimene chinakwera n'kuuma m'kati mwa maziko akale chisanafike pamtunda.

Chomaliza, chimene chikuchitikabe, n'chakuti mtunda wa Africa ukung'ambika mbali ino ya kummawa. Pakati panatitimira, madzi anadzazamo, ndiyo nyanja yathu, imene pena ndi yakuya mamita 700. Mukamatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kapena Chiweta, kapena kuchoka ku Blantyre kutsetserekera ku Chikwawa, mukutsika m'mphepete mwa mng'alu umenewu. Akuluakulu pano mukukumbukira chivomerezi cha ku Salima mu Malichi 1989, ndipo ambiri munamva za ku Karonga mu Disembala 2009. Madzi otentha a ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde ndi madzi a mvula amene analowa pansi kwambiri n'kubwerera kudzera m'ming'alu yomweyi.

Mbiri yonseyi ndaikamba chifukwa cha chinthu chimodzi. Kukwinyika ndi kung'ambika konseku kunasiya ming'alu m'thanthwe, ndipo popanda ming'alu imeneyi m'dera lino simukanakhala mjigo ndi umodzi womwe.

Madzi amakhala pati

Ndimamva anthu akunena kuti pansi pali mtsinje, wokumba akangouboola basi madzi ndi osatha. M'miyala ya kuno mulibe mtsinje. Kumbukirani timibulu tija tolumana popanda mpata. Thanthwe lamoyo, losawola ndi losang'ambika, silisunga madzi ngakhale kapu imodzi. Mutaliviika mumtsinje chaka chathunthu, mukaliswa m'kati mudzapeza mouma.

Madzi amakhala malo awiri okha: m'mwala wowola ndi m'ming'alu.

Mukapita pa dzenje lija muona chiyambi chake. Pamwamba pali dothi lakuda, mwina chikhatho chimodzi kapena ziwiri, m'mene muli mizu ndi nyongolotsi. Pansi pake pali lofiira, lomata. Malo ena mumakumana ndi miyala yofiira yolimba ngati dzimbiri louma, imene ena amati lubwe. Imeneyo si thanthwe ayi, ndi chitsulo chimene madzi anasonkhanitsa, ndipo okumba zitsime ambiri amasiyira pomwepo poganiza kuti afika pamapeto. Mukaboola n'kupitirira, mumafika pa chinthu chodabwitsa: pooneka ndi mwala, mizere ija ikuoneka bwinobwino, koma mukaufinya m'manja umafumbutuka. Umenewo ndiwo mwala wowola. Chakumtunda kwake uli ndi dongo lambiri, umasunga madzi koma suwapereka msanga. Chakunsi kwake ndi wamiyalamiyala ngati misere ya chimanga, ndipo m'munsi mwakenso muli thanthwe long'ambikang'ambika. Pamenepo, pamalire a mwala wowola ndi thanthwe lamoyo, ndi pamene mijigo yambiri ya m'zigwa za Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba imapeza madzi. M'zigwa zimenezi mwala wowola umakonda kukhala wochindikala mamita 15 mpaka 30, ndipo n'chifukwa chake mijigo yambiri imathera pa mamita 30 mpaka 50. Kumalo otsetsereka, makamaka m'mphepete mwa mng'alu waukulu uja, mwala wowola unakokoloka, watsala wochepa, ndipo wokumba amadalira kulasa mng'alu weniweni. Akauphonya ndi mamita ochepa chabe, dzenje ndi louma.

Choncho mawu akuti "pitirizani kukumba, madzi ali pansi" m'miyala ino nthawi zambiri ndi otayitsa ndalama. Mukamapita pansi ming'alu imachepa ndipo imatsekeka chifukwa cha kulemera kwa miyala ya pamwamba. Makina akalowa m'thanthwe lamoyo n'kumatulutsa fumbi lotuwa louma mita ndi mita, ndi bwino kusamuka kusiyana n'kuumirira.

Izi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Ndili wamng'ono pantchito tinapita m'mudzi wina kumene akuluakulu anali atasankha kale malo, pamtunda, pafupi ndi nyumba ya munthu wina wolemekezeka. Thanthwe linkaonekera poyera chapafupi pomwepo. Ndinadziwa kuti malowo si abwino, koma ndinaopa kutsutsa akulu pagulu, ndinangoti tiyese. Tinakumba masiku awiri, fumbi lokhalokha. Amayi amene anatiphikira nsima masiku awiriwo anali omwe aja ankadzuka usiku kukatunga kudambo. Mlandu sunali wa akuluakulu aja, iwo miyala sankaidziwa. Unali wanga. Kuyambira pamenepo ndimanena poyera, ndipo ndinena panonso pamaso pa a mfumu: malo a mjigo asasankhidwe chifukwa cha pakhomo pa munthu.

Nanga asankhidwe bwanji? Akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo pansi pa nthaka ndi chimodzimodzi. Madzi amalowa m'ming'alu, mwala umawola kwambiri motsatira ming'aluyo, pamwamba pamatitimira pang'ono. Ndiye mukaona dambo kapena khwawa loyenda mowongoka mtunda wautali, kapena mtsinje wokhota mwadzidzidzi ngati ngodya ya nyumba, nthawi zambiri pansi pake pali mng'alu. Mzere wa miyala yoyera wodutsa m'minda ingapo ndi mng'alu wakale umene unadzaza quartz, ndipo pena m'mbali mwake mumayenda madzi. Mikuyu, katope ndi kanjedza zikandandalikana, zobiriwira mu Okutobala, zikukuuzani kanthu. Pakati penipeni pa dambo si pabwino monga ambiri amaganizira, chifukwa pali dongo lochindikala ndipo nthawi ya dzinja pamasefukira. M'mphepete mwa dambo, pamene mtunda ukuthera, ndi pamene pamakonda kuchita bwino.

Zizindikirozi inu mumazidziwa kuposa mlendo aliyense. Koma zisakukwanireni. Itanani woyeza wa makina amagetsi, uja amakhoma zitsulo pansi n'kutambasula mawaya. Dziwani kuti makinawo saona madzi. Amangoonetsa pamene mwala wowola ndi wochindikala ndi pamene thanthwe lili pafupi, ndipo zimenezo n'zothandiza kale kwambiri. Za oyenda ndi kamtengo kapena mawaya awiri m'manja, sindifuna kukangana ndi munthu, koma ine ndalama za gulu sindingaziike pa kamtengo.

Tiwerengere limodzi

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa mjigo ukhoza kutuluka madzi koma gulu n'kulirabe.

Mjigo wopopa ndi manja sufuna madzi ambiri. Ukamadzaza ndowa ya malita 20 pa mphindi imodzi ndi theka, mudzi umamwa, ndipo boma limawerengera anthu 250 pa mjigo umodzi. Miyala yathuyi madzi otere imapereka malo ambiri. Pampu ya Afridev imene ili m'midzi yonseyi inayambira kwathu konkuno, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo inapangidwira mijigo yotereyi, yosazama kwambiri, ya madzi apang'ono.

Kuthirira ndi nkhani ina. Chimanga chikakula, nthawi yotentha, ekala imodzi imamwa malita pafupifupi 20,000 pa tsiku. Zimenezo ndi ndowa 1,000. Tsopano tiyerekeze kuti mjigo wanu ndi wabwino ndithu, ukupereka theka la lita pa sekondi iliyonse, kapena kuti ndowa imodzi pa masekondi 40. Pampu ya sola imagwira bwino ntchito maola ngati 8 pa tsiku. Mukawerengera mupeza malita 14,400. Ekala imodzi yokha sinakwane. Ndipo mijigo yambiri ya m'miyala ino sifika pa lita imodzi pa sekondi. Ndamva kuti mukulingalira maekala asanu. Kuchokera pa mjigo umodzi, m'mwala uno, ndikukayika kwambiri.

Wogulitsa pampu adzakuuzani kuchuluka kwa madzi amene pampu yake imakoka. Sakunama, koma akunena za pampu, osati za mwala. Pampu yaikulu pa mjigo wa madzi ochepa imaphwetsa dzenje, imayamba kukoka mpweya ndi matope, kenako imapsa. Ikhozanso kutsitsa madzi m'zitsime zoyandikana, n'kuyambitsa milandu ndi anansi. Choncho pampu isagulidwe mjigo usanayezedwe. Wokumba apope madzi mosalekeza kwa maola ambiri, tsiku lathunthu ngati n'kotheka, akuyeza mmene madzi akutsikira, kenako azimitse n'kuyeza mmene akubwerera. Zotsatirazo akupatseni zolembedwa. Pampu ndi kukula kwa munda zichokere pa pepala limenelo. Mukapeza kuti madzi ndi a theka la ekala, limani theka la ekala la tomato, anyezi kapena masamba, muphimbire ndi mapesi, osati maekala asanu a chimanga chofota.

Musanasainirane ndi wokumba, pitani ku ofesi ya za madzi ya boma lanu kuti akuuzeni za chilolezo ndiponso za mijigo ina ya m'dera lino, kuya kwake ndi madzi ake. Mugwirizanenso polemba kuti dzenje likakhala louma alipira ndani. Pa tsiku lokumba pakhale anthu awiri a komiti ndi kope. Wokumba aziika padera zotuluka m'dzenje, kamulu kamodzi pa mita iliyonse, mondandalika. Mudzaona nokha dothi lofiira, mwala wowola, tizidutswa tonyowa, kenako fumbi la thanthwe lamoyo, ndipo palibe adzakunamizeni za kuya kwake.

Madziwo akayezedwenso ngati anthu azimwa. Mica wakuda ndi hornblende pena amatulutsa mchere wotchedwa fluoride, umene ukachuluka umathimbiriritsa mano a ana mpaka kalekale. Ku Nathenje vuto limeneli n'lodziwika. Kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride. Madzi ofiiritsa ndowa ndi zovala, amenewo ndi a chitsulo, amanyansa koma si oopsa ngati enawo. Chimbudzi ndi khola zikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa mjigo, ndipo zikhale kumunsi, chifukwa mng'alu susefa madzi monga umachitira mchenga.

Za dothi pang'ono, nthawi yatha

Madzi onse a m'mwala wowola ndi mvula imene inagwa konkuno n'kulowa pansi. Sachokera kunyanja, sachokera ku Mozambique. Mvula ikathamanga pamwamba n'kupita kumtsinje, mjigo wanu wamanidwa. Ndiye akalozera, mizere yotseka, vetiva, maenje osunga madzi ndi kuphimbira zimene alangizi akhala akukuphunzitsani, musazione ngati za chimanga chokha. Munda wa kumtunda ndiwo umadyetsa chitsime cha kumunsi, ngakhale eni ake atakhala osayankhulana.

Mwala umasanduka dothi mochedwa kwambiri, sentimita imodzi imatenga zaka mazana. Kafukufuku wa boma ndi bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani 29 a dothi pa hekitala pa chaka. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50, kapena kuti mamilimita awiri a pamwamba pa munda chaka chilichonse. Mamilimita awiri saoneka ndi maso. Chimene chimaoneka ndi miyala yoyera ikamachuluka m'munda, anthu n'kumati miyala ikumera. Miyala simera. Dothi ndi limene likuchoka, quartz n'kumatsala.

Ndiponso dothi lathu ndi lokalamba. Mvula ya zaka zosawerengeka inasuluza kale zambiri zimene feldspar ndi timibulu takuda tinapereka. Mwaona kuti feteleza wokulitsa anasintha, kuchoka pa 23:21:0+4S kufika pa 23:10:5+6S+1Zn. Anawonjezamo potaziyamu ndi zinki chifukwa minda yambiri yayamba kuperewera zimenezi. Kumene mvula ndi yambiri, monga ku Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, dothi limakonda kuwawasa, ndipo mankhwala ake ndi laimu, amene ndi marble uja wa m'maziko omwewa atapera. Musathire laimu mongoganizira, yambani mwayezetsa dothi. Koma nayitulojeni, chakudya chimene chimanga chimafuna kwambiri, musamuyembekezere kuchokera ku mwala wa mtundu uliwonse. Amachokera mumpweya kudzera mu nandolo, soya, mtedza, msangu ndi gilisidiya, ndi m'manyowa, kapena m'thumba logula. Inu a kumtunda a dothi lamchenga, manyowa ndi mapesi ndizo zingagwire ntchito ya dongo limene mwala wanu sunakupatseni.

Ntchito ya magulu

Pempho langa n'lakuti mjigo usakumbidwe mwezi uno. Kuyambira sabata lino mpaka mvula yoyamba, gulu lililonse lisankhe zitsime ziwiri, china cha kumtunda china cha m'mphepete mwa dambo. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse, m'mamawa anthu asanatunge, mutsitse chingwe chomangirira mwala, muyeze kuchokera pakamwa pa chitsime kufika pamadzi, mulembe m'kope. Mufunsenso agogo kuti ndi zitsime ziti zimene sizinaphwe m'zaka za chilala, monga 1992. Pa pepala lalikulu mujambule mudzi wonse: pamene thanthwe likuonekera, mizere ya miyala yoyera, madambo, mitengo yobiriwira m'chilimwe, mijigo yamoyo ndi yakufa yomwe. Woyeza akadzabwera mudzamupatse pepala limenelo asanatsitse mawaya ake. Amene mukufuna kukumba zitsime za m'dimba ndi manja, dikirani Okutobala kapena Novembala, pamene madzi atsikiratu. Chitsime chokumba mu Juni chimanamiza.

Tsopano tiyeni ku dzenje, gulu loyamba patsogolo. Aliyense atenge dothi la pamwamba m'dzanja limodzi, la pansi penipeni m'dzanja lina, alinyowetse pang'ono, ayese kuumba kasoseji. A sekilitale, tengani kope ndi tepi, tiyambe n'kuyeza kuti dothi lakuda lathera pati.